Kambale ka Kumbuyo

M'mawa wina wa mwezi wa Juni, chisanu chitayeretsa udzu wa ku Zimbabwe Grounds, mnyamata woyendetsa lole ya mchenga anandipeza ku Gazaland ndikuotha moto wa m'chibekete. Lole yake inali itadontha usiku wonse, moti pansi pake panali chithaphwi chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Iye anali atafufuza kale pafoni. Anandionetsa chithunzi cha kachitsulo kozungulira, n'kundiuza m'Chishona kuti anthu a ku America amakatcha freeze plug, chifukwa kamafwamphuka madzi akaundana m'injini. "Ndiye kuti ndi chisanuchi, mudhara?"

Ndinagona chagada, n'kupisa dzanja kuseri kwa sitata. Nditakanda ndi sikuludiraiva, nsonga inangolowa ngati ndabaya papaya wakupsa. Ndinamuuza kuti chisanu asachinamizire. Lamudyera kachitsuloko ndi dzimbiri.

Harare kumazizira ndithu. Mzindawu unakhala pamwamba, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi zala zimakana kugwira sipanala dzuwa lisanakwere. Koma si kuzizira koti n'kuumitsa madzi amene ali m'kati mwa chitsulo chochindikala. Zimenezo n'za ku Canada ndi maiko ena a chipale. Kumeneko madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100, ndipo amatha kung'amba buloko ya injini monga muzu ung'ambira khoma. Nthawi zina kachitsuloka kamayamba ndiko kutuluka, n'chifukwa chake anakapatsa dzina limenelo. Nthawi zinanso sikatuluka, buloko n'kusweka iko kali phee pamalo pake. Kuno m'mashopu a ku Gazaland timati welch plug, dzina lochokera ku kampani ya Welch imene inkapanga magalimoto ku Pontiac, m'chigawo cha Michigan, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Bambo anga ankangoti kambale. Mukakaika pachikhatho mungavomereze: ndi kambale ndithu, kokhala ndi milomo yopindikira m'mwamba, kokwana kumweramo mwanapiye. Mtengo wake suposa mbale ya nsima pa Machipisa.

Chimene ambiri safunsa n'chakuti bowolo analiikiranji poyamba. Munthu wanzeru zake angaumbe chinthu chosunga madzi, n'kuchiboola m'nthiti, kenako n'kumavutika kutseka? Ine ndinafunsa ndili ndi zaka 12, ndipo bambo sanayankhe ndi pakamwa pokha. Tsikulo anali atatsitsa injini ya Bedford pa matayala akale kuseri kwa nyumba yathu. Anazula kambale kamodzi, n'kulowetsa waya wopindika m'bowomo, n'kukokera kunja matope akuda bii. Anawaika pachikhatho changa, n'kuthirapo madzi pang'onopang'ono. Matope atapita, panatsala timiyala tosalala, tonga shuga.

"Ukuuona? Umenewo ndi mchenga wa ku England."

Kenako anafotokoza monga mmisiri wa njerwa afotokozera chikombole. Buloko ya injini saisema ayi, amachita kuithira chitsulo chili madzi, chotentha madigiri oposa 1,200. Kunja kwake n'kosavuta, chikombole chimapereka maonekedwe. Chovuta ndi m'kati, momwe muyenera kukhala njira zoti madzi azizungulira masilinda n'kumawaziziritsa. Mpata ungauumbe bwanji? Amatenga mchenga, n'kuusakaniza ndi zomatira, n'kuuumba m'maonekedwe enieni a madzi amene adzayende m'menemo, n'kuuumitsa gwa. Chiumbo chamchengacho amachiika pakati pa chikombole, ndipo kuti chisasunthe chimakhala ndi timiyendo tofika kunja. Chitsulo chikathiridwa chimazungulira mchengawo n'kuuma. Kenako amagwedeza buloko, mchenga umafumbutuka n'kutuluka kudzera momwe munali timiyendo tija. Mabowo amenewo ndi makomo amene mchenga unatulukira. Akatha amawasalaza ndi makina, n'kutsekapo ndi timbale. Koma mchengawo sutuluka wonse. Wina umakanirira m'makona, n'kuwoloka nyanja, n'kuyenda zaka 30 m'misewu ya dziko lino osaonedwa ndi munthu.

Bambo anachoka kwawo ku Dedza mu 1957, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Masiku amenewo anyamata ankatsika ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena ndi malole a Ulere, ena wapansi kudutsa dziko la Apwitikizi, onse akuti akupita ku Halale kukapeza ya msonkho, njinga ndi bulangeti. Bambo anayamba ndi kusesa m'galaja ya kampani ina ya malole ku Southerton, kenako anakhala sipanala boyi, wopatsira mzungu zipangizo. Anaphunzira ndi maso. Pepala la umakaniko sanalipeze mpaka kupuma ntchito, koma injini za Bedford, Leyland ndi Mercedes ankazidziwa monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake. Atakwatira anapeza nyumba kuno ku Highfield, komboni imene inayamba m'zaka za m'ma 1930 n'kudzakula kwambiri m'ma 1950, ya zigawo za maina ochititsa chidwi: Egypt, Jerusalem, Canaan, Lusaka, Engineering. Ine ndinabadwira momwemu. Chichewa ndinayamwira m'nyumba ndi ku tchalitchi cha CCAP, Chishona ndinatola pamsewu.

Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia pa 11 Novembala 1965, maiko anatseka malonda ndi Rhodesia, ndipo zipangizo zochokera ku Britain zinayamba kusowa. Bambo ankati imeneyo ndiyo inali sukulu yawo yeniyeni. Kambale kakasowa ankadula kachidutswa ka mkuwa, n'kukazunguliza ndi fayilo, n'kukaika pakamwa pa paipi, n'kukagogoda ndi mutu wobulungira wa hamala mpaka katatumphuka msana. Kameneko ndi kamtundu wakale, kopanda milomo. Umakakhazika pa kashelefu ka m'bowo msana uli kunja, n'kumenya pakati ndi chitsulo chobuntha. Msana ukaphwa, m'mphepete mumatambasuka n'kuluma khoma la bowo. Ukamenya mopyola muyeso kamatembenukira m'kati n'kukhwepanso. Nzeru yonse ili pa kudziwa polekera.

Ntchito ya kambale ndimaikonda, ndipo sindichita manyazi kunena. Ena amaiona ngati ya ana, poyerekeza ndi kutchera pampu ya dizilo kapena kuika mapisitoni. Koma ndi ntchito imene imaulula mtima wa munthu msanga kuposa zinazo.

Umayamba wakhuthula madzi onse. Kenako umaika panchi m'mphepete mwa kambale kakale, osati pakati, n'kugogoda kuti mbali imodzi ilowe, inayo ituluke, kapendekeke ngati chitseko chotsegula theka. Pamenepo umakagwira ndi pulayala n'kukazula ngati dzino. Wopupuluma amamenya pakati ndi mphamvu zake zonse, kambale n'kugwera m'kati mwa buloko. Ndaonapo anthu akungokasiya momwemo, ati ndani adzaone. Kamakakhala m'menemo n'kumatchinga madzi, silinda yapafupi n'kumapsa kuposa zinzake, mwini lole osadziwa chimene chikudya injini yake. Palinso china: kuseri kwa kambale, pamtunda wosakwana chala, pali khoma la silinda. Panchi ikapitirira, walasa pamtima.

Bowo likatseguka umatsuka m'kati ndi paipi ya madzi, uku ukutakasa ndi waya, mpaka otulukawo ayere. Pamenepa anthu amatopa, chifukwa matope a zaka zambiri satha msanga, ndipo amadikha pansi penipeni, kuseri kwa timbale, n'kumatidya kuchokera m'kati. N'chifukwa chake kambale kamaoneka kabwinobwino kunja, penti ili mbee, pamene katsala ngati pepala. Ukatsuka umapala milomo ya bowo ndi sandipepala mpaka ing'anime, n'kuyendetsamo chala. Bambo ankatseka maso pochita zimenezi. Ankati diso limakhululuka, chala sichikhululuka.

Ndiye pali kuyeza. Injini zakale za ku Britain anaziyeza m'mainchi, za ku Japan ndi ku Germany m'mamilimita. Inchi imodzi ndi theka ndi mamilimita 38.1. Mnyamata wa m'shopu akakupatsa ka mamilimita 38 amalumbira kuti n'chimodzimodzi, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Koma kambale sikakhala ndi mazinga kapena bawuti. Kamagwira chifukwa n'kokulirapo pang'ono kuposa bowo, ndipo polowa kamafinyika n'kukankha khoma mbali zonse. Kakaperewera ndi kachigawo kamodzi ka magawo khumi a milimita, kalowa mosavuta, mwini n'kusangalala, koma tsiku lina injini itatentha pachitunda kadzalavulidwa.

Umapaka shelaki m'mphepete, wochepa, wongonyowetsa. Umasankha soketi yolowa m'kambale momasuka, chifukwa yothina imagwidwa kambale kakafinyika, n'kukana kutuluka. Umakhazika chilili, osapendama, n'kumenya kamodzi. Umayang'ana. Umamenyanso. Mbali ina ikatsogola umabweza pomenya inzake. Poyamba hamala imalira mopepuka, ngati ukugogoda chitini. Kambale kakamalowa kulirako kumanka kulemera, ndipo milomo yake ikangobisala pang'ono kuseri kwa m'mphepete mwa bowo, mawu amasintha, amakhala a chitsulo chimodzi ndi buloko yonse. Bambo ankati pamenepo kambale kalira. Ukamva zimenezo, hamala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero akaona dzanja langa likufuna kuonjezera kamodzi.

Akakhala ndi mpata wosankha, ankasankha ka mkuwa, chifukwa sikachita dzimbiri. Ndipo anali ndi lamulo limene sankalipinda: kamodzi kakaboola, sintha tonse. Ankati timbale tonse tinabadwa tsiku limodzi ndipo tamwa madzi amodzi.

Za madziwo ndili nawo mawu. Chimene chikupha injini zakale mumzinda muno si ukalamba. Ndi madzi osasakaniza. Mankhwala obiriwira kapena ofiira aja othira mu rediyeta anthu amawaona ngati a Azungu a kumaiko ozizira, poti pabotolo analemba kuti antifreeze. Saona kuti momwemo mulinso mankhwala oletsa dzimbiri, ndiponso kuti amachedwetsa madzi kuwira. Woyendetsa lole amangotunga pomwe wapeza, pa mjigo, m'chitsime cha kuseri kwa nyumba, mumtsinje wa Mukuvisi, n'kuthira. Sindimuweruza mwankhanza. M'makomboni muno mipopi imatha masiku ili youma, ndipo munthu amene wadzuka 4 koloko kukaima pamzere wa pamjigo kuti ana amwe sungamuuze zophweka kuti agulire lole madzi a m'botolo. Komabe masamu ake ndi oonekeratu. Botolo la mankhwala ndi ndalama zochepa, hedi yong'ambika ndi ndalama zoti lole imagona chaka pamawilo ophwa. Ndipo kukayamba kudontha, m'malo mofuna gwero, ena amathira mu rediyeta dzira laliwisi, ena tsabola wogaya, ena fodya, ena ufa. Kumaleka ndithu kwa masiku angapo. Kenako zonsezo zimakatseka timipaipi ta rediyeta, ndipo amene amadzazipeza ndife, zitasanduka phala lonunkha.

Mchenga uja sunandichoke m'mutu. Ndikukula ndinkamva maina amene ankatitcha pamsewu: mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, kapena anthu opanda mitupo, ngati kuti Phiri, Banda ndi Mbewe si mafuko. Kumudzi nako ankati ndife matchona. Chitupa cha bambo chinali ndi chilembo chosonyeza kuti ndi mlendo, ndipo lamulo la unzika litasintha mu 2001, ambiri a ife obadwira momwe muno tinapezeka tili pakati, uku osati kwathu, uko osatidziwa. Koma funsani amene anakumba migodi ya dziko lino, amene anathyola fodya m'mafamu, amene anaphika m'makhitchini a ku Avondale ndi Highlands, amene anasesa misewu ya Salisbury, Harare wa lero, kusanache. Mzinda unathiridwa mozungulira anthu amenewa uli wamoto, n'kuuma. Utauma anaugwedeza. Ena anabwerera kwawo ndi sutikesi imodzi, ena anakanirira m'makona, ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku, kuno ku Highfield. Sindikufuna kulikoka fanizoli mpaka liduke, pakuti munthu si mchenga, ali ndi dzina ndi kwawo. Koma ndikaona timiyala tija pachikhatho ndimakumbukira bambo. Malamulo atsopano a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nafe, ndiponso anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Bambo anali atamwalira chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Tinawaika konkuno.

Mnyamata wa lole ya mchenga uja ndinamuuza kuti tisintha tonse, ndi ka kumbuyo komwe. Anadandaula, ndipo ndinamumvetsa. Pa injini zambiri pali kambale kamene kamakhala kumsana kwa buloko, kobisika kuseri kwa fulayiwilo. Kuti ukafike umamasula shafuti, n'kutsitsa giyabokosi, n'kuchotsa kilatchi ndi fulayiwilo yomwe. Ntchito ya tsiku ndi theka chifukwa cha kanthu ka mtengo wa nsima. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kamodzi kokha, amakaniko ndi ambiri mu Willowvale Road, apite ndi mtendere. Anandiyang'ana ngati nkhalamba youma mutu. Sankadziwa za Okutobala wa 2009.

Chaka chimenecho dziko linali likungodzuka kumene. Mu Januwale munatuluka pepala la ndalama la madola 100 thiriliyoni, ndipo pasanapite nthawi tonse tinayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America, amene ankapezeka movutikira. Mnzawo wa bambo, amene anatsika nawo limodzi mu 1957, anaona kuti zakwana. Penshoni yake inali itasungunuka, ana ake anali ku Johannesburg, ndipo anati mafupa ake akagone ku Dedza. Anapangana ndi mwini lole ina yakale ya dizilo kuti iwanyamule, iye, mkazi wake, mdzukulu mmodzi ndi katundu wa zaka 52: malata, bedi lachitsulo, makina osokera a Singer, njinga, mipando. Lole ija inkadontha m'nthiti, ndipo anaibweretsa kwa ine chifukwa ndinali mwana wa mnzake.

Timbale ta m'mbali ndinasintha tonse, mwaukhondo, monga anandiphunzitsira. Kenako ndinalowa pansi n'kuyang'ana pokumana injini ndi giyabokosi. Panali kamzere kofiirira kotsika mpaka pansi, ndipo kunsonga kwake kunali dontho limodzi. Ndinaliona. Ndalama imene tinapangana inali yochepa, ulendo unali wa mkucha, ndipo panali basi ina imene inkandidikira, ya munthu wolipira bwino. Ndinatenga chiguduli n'kupukuta dontho lija.

Masiku amenewo manja a bambo anali atayamba kunjenjemera, moti sankagwiranso sipanala. Ankabwera n'kukhala pa mgolo, chipewa chili pamaondo, n'kumaonerera. Nditatuluka pansi pa lole anandifunsa.

"Ka kumbuyo kaja wakaona?"

"Kali bwino, Bambo."

Sanafunsenso.

Foni inalira patapita masiku atatu. Anali atadutsa Mutoko, atawoloka pa Nyamapanda, atalowa Mozambique pa Cuchamano, ndipo anali chakufupi ndi Changara, panjira ya ku Tete. Amene anayendako mu Okutobala akudziwa. Msewu umatsika kuchoka kumapiri ozizira kulowa m'chigwa cha Zambezi, kumene mphepo yomwe imawotcha, mitengo ili mbuu yopanda tsamba, kungoima milambe. Injini yolemedwa ndi katundu inatentha, mphamvu ya madzi inakwera, ndipo kambale kaja kanaphulika. Mwayi wake woyendetsayo anali munthu watcheru. Geji sinamuchenjeze, chifukwa madzi akathawa onse nthawi imodzi kachipangizo koyeza kutentha kamatsala pouma n'kumanama. Iye anamva fungo, n'kuzimitsa pomwepo. Akanapitirira makilomita awiri, mapisitoni akanagwira.

Ndinakwera basi ya ku Blantyre pa Roadport, bokosi la zipangizo lili paphewa, kambale ka mkuwa kali m'thumba la malaya. Ulendo wonse dzanja linkangopita pathumbapo. Ndinawapeza madzulo a tsiku lawo lachiwiri pamsewu. Anali atatsamiritsa malata awiri ku lole kuti apeze mthunzi. Mayi aja anali gone pamphasa, miyendo itatupa, mdzukulu akuwakupiza ndi katoni. Ndinali nditakonzeka kulandira mawu, ndipo ndinkawafuna. Mkulu uja anadzuka, n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Mwana wanga, wafika? Wavutikatu ndi ife. Wadya koma?"

Ndinalephera kuyankha. Ndinangogwada pansi n'kuyamba kumasula bokosi.

Anthu a m'mudzi wapafupi ndiwo anatipulumutsa. Amalankhula Chinyungwe, ndipo ukatchera khutu mumamvana ndithu, mawu ambiri ndi apachibale ndi athu. Iwo ndiwo ankabweretsera okalambawo madzi, ochokera kutali, m'nyengo imene madzi ndi chuma. M'mawa kusanatenthe anabwera amuna anayi ndi mitengo iwiri yolimba ndi chingwe. Tinapingasa mtengo m'kati mwa lole, n'kumangirira giyabokosi, n'kuitsitsa pang'onopang'ono pa matayala. Pofika masana fulayiwilo inali pansi. Kambale kakale kanali katang'ambika mbali imodzi, kwinako kuli timabowo tosawerengeka. Kanatuluka ndi zala zokha.

Ndinatsuka ndi madzi a m'chigubu amene mayi wina anasenza pamutu, ndipo ndinkawawerengera ngati mafuta. Pamodzi ndi matope panatuluka timiyala tija. Mkulu uja anali atakhala pambali panga pansi pa lole, poti ndi pomwe panali mthunzi, ndipo anayamba kundisimbira kuti njira yomweyi anadutsamo ndi bambo anga akutsika, ali anyamata, atamanga ufa ndi nsapato m'kansalu, n'kumagona pansi pa milambe. Ankaloza ndi chibwano chakumpoto, kumene kuli Tete ndi mlatho wa Samora Machel, n'kumati nthawi imeneyo mlathowo kunalibe, Zambezi ankawoloka pa pantoni. Ine ndinkapala bowo ndi sandipepala, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, iye osaona kapena kuchita ngati sakuona. Ndinatseka maso n'kuyendetsamo chala. Ndinapaka shelaki. Ndinakhazika soketi.

Ananyamuka m'bandakucha wa tsiku lachinayi. Ndinaima pamsewu mpaka kulira kwa injini kutazilala, kenako ndinadikira basi yobwerera.

Bambo ndinawapeza pakhonde, akuwothera dzuwa. Nkhani inali itawafika kale, poti ku tchalitchi sikubisika kanthu. Ndinakhala pansi, pafupi ndi mapazi awo, monga ndinkachitira ndili mwana, n'kuwauza kuti anzawo apitirira bwino. Anagwedeza mutu, n'kutambasula dzanja.

"Kakale kaja wabwera nako?"

Ndinakatulutsa m'thumba. Anakagwira ndi zala zonjenjemera n'kukakweza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Kuwala kunadutsa m'timabowo tija n'kugwera pankhope pawo ngati nthomba. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Dontho unaliona?"

"Ndinaliona, Bambo."

Anandituma kuti ndikatenge kachitini kawo ka fodya kamene kankakhala pansi pa bokosi la zipangizo. Munali khobidi limodzi la nthawi ya Chitaganya, lija lobowola pakati, la njovu ziwiri, lolembedwa maina a maiko awo onse awiri. Anaika kambale kaja pambali pa khobidilo, n'kutseka, n'kundipatsa kuti ndikabwezere. Nditafika pakhomo anandiitananso.

"Katsopanoko kanalira?"

"Kanalira, Bambo."

"Unamenyanso kangati katalira?"

"Sindinamenyenso."

Anavala chipewa chawo, n'kutembenuzira mpando kumene dzuwa linasunthira.